Sabata Yogonjera Apongozi

Lolemba

Ndafika ku Chipera. Fumbi m'makutu, fumbi m'mano. Mota, njinga yamoto yonyamula anthu, yatigwetsa kamodzi kokha, pamchenga wa mtsinje wouma uja, ndiye kuti ulendo wayenda bwino.

Ndili pa feriya, tchuthi cha sabata imodzi. Ku shikola andilola monyinyirika, poti mayeso ayandikira ndipo ana a ku Fingoe akadali pa nkhondo ndi masamu anga. Ndawauza kuti ndi nkhani ya banja. Sindinaname.

Ndiilembe nkhaniyo bwinobwino kuti mutu uzizire:

- Mkazi wanga Lusiya ndi mwana wathu Tereza amakhala kuno kwa amayi ake, monga mwa mwambo.
- Ine ndimaphunzitsa ku Fingoe. Lachisanu lililonse ndimakwera mota kudzawaona, Lamulungu n'kubwerera.
- Mvula ikayamba, msewu uno umasanduka phala. Chaka chatha ndinasiya Tereza akukwawa, ndinadzamupeza akuyenda, ndipo atandiona anathawira kuseri kwa mtondo.
- Choncho ndabwera kudzapempha chitengwa, kuti andilole nditenge banja langa tikakhale ku Fingoe mvula isanagwe. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Zambia.

Ankhoswe ndi amalume ake a Lusiya, aZakeyu. Pa mwambo mawu omaliza ndi awo, koma mudzi wonse ukudziwa kuti mawuwo amakawatenga kwa mlongo wawo, aNaphiri, apongozi anga.

AZakeyu akuti: "Nkhani ndaipereka kale, akamwini. Akuti ayankha chesi ikatha."

Chesi! Ife timati shadrezi. Apongozi anaiphunzirira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, ndiye amati chesi. Anabwerako ndi ana, mapoto, ndi thabwa lake la masewerawo. Nsanja imodzi yakuda inatayika m'njira, ndipo m'malo mwake pamaima pilya, batire lakufa la wailesi.

AZakeyu andikokera kuseri kwa khola: "Mverani ine. Mlongo wangayu sanagonjepo chibwerere ku Zambia. Akatekisita amamugonjera. Anamwino amene anali kuno anamugonjera mpaka anasamutsidwa. Mukufuna mkazi? Gonjani. Koma mugonje mwaulemu, asadziwe."

Pa Pasaka ndinagonja osafuna. Ndinatsegula bwino, koma pakati pa masewera ndinadutsa mwayi uliwonse ngati munthu wodutsa pakhomo pake atasokonezeka. Ndinazindikira ndili pa mota, zonse zitatha. Ndiye ndinagula buku la Chipwitikizi ku Tete, lakale, lopanda chikuto, lonena za pakati pa masewera basi. Ndaliwerenga mpaka masamba ayamba kuthothoka. Tsopano mwayi ndimauona usanatuluke m'nyumba.

Ndaganizira malangizo a amalume mofatsa. Ndi anzeru. Ndipo kuti munthu uphonye mwayi mwadongosolo, uyenera kuyamba wauona. Ndiye kuti m'boma lonse la Maravia mulibe munthu wokonzeka kugonja kuposa ine!

Dongosolo:

1. Kutsegula bwino, kuti asakayikire.
2. Pakati pa masewera kuona mwayi uliwonse, kuupatsa moni, n'kudutsa.
3. Kugonja Lachisanu.
4. Loweruka kumanga katundu.

Kaseweredwe ndi kakale komweko. Mkamwini sakhala moyang'anana ndi apongozi. Sitiyang'anana, sitilankhulana, ndipo tikakumana panjira wina amalowa patchire. Kawirikawiri ndine, ndipo kawirikawiri pamakhala chitedze. Choncho thabwa limakhala pamwamba pa mtondo wovundikira, kuseri kwa nkhokwe. Iwo akasuntha amakhosomola n'kuchokapo. Ine ndikasuntha ndimawomba m'manja n'kuchokapo. Zoti anene amauza Lusiya mokweza.

"Lusiya, uwauze aticha atenge zoyera. Mlendo ndiye amayamba."

Lusiya ali ku chigayo. Uthenga wafika.

Tatsegula. Asilikali patsogolo, akavalo kunja, mafumu abisidwa m'makona. Gawo loyamba la dongosolo latheka ndendende.

Lachiwiri

M'mawa. Kusosa m'munda wa apongozi. Mkamwini wodzapempha chitengwa dzuwa silimupeza pamphasa. Matuza m'manja. Choko sichikonzekeretsa munthu khasu.

Pobwera kumunda ndamva chifuwa chija. Asuntha. Tafika pakati pa masewera.

Mwayi woyamba! Kavalo wanga atalumphira pakati angaopseze mfumukazi yawo ndi nsanja nthawi imodzi. Apulumutsa chimodzi, china ndadya. Pa Pasaka sindikanauona. Lero ndauona ndili patali, khasu likadali paphewa!

Ndauyang'ana. Ndi wokongola. Ndaupatsa moni. Ndadutsa.

M'malo mwake ndakankha msilikali wa m'mphepete penipeni, wosaphula kanthu. Ndawomba m'manja. Ndanyadira kudziletsa kwanga. Si aliyense angathe.

Akhosomola. Atseka mpata wa kavalo uja. Zili bwino. Ndakankhanso msilikali yemweyo. Wakagunda bishopu wawo mwangozi, ndiye abweza bishopuyo m'mbuyo.

Masana. Kutentha kosaneneka. Nyenje zikulira ngati mawaya a magetsi. Lusiya akufunsa: "Zikuyenda, bambo a Tereza?" Ndamuuza kuti ndikugonja mwadongosolo. Wandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa mango.

Ndakankha msilikali winanso wopanda ntchito, mnzake wa woyamba uja. Bishopu wabwereranso m'mbuyo. Ndakankhanso, osaganiza n'komwe. Umu ndi mmene amasewerera munthu wopanda mutu, ndipo ndikutsanzira bwino kwambiri.

Madzulo. Ndapita kukaona mmene ndikugonjera.

Bishopu wawo alibe kopita.

Ndayang'ana malo onse. Kutsogolo kuli asilikali anga achabechabe aja. Kumbuyo kuli asilikali awo omwe. Ali ngati mbuzi yotsekeredwa m'khola ndi mwini wake. Palibe chomupulumutsa.

Ndatsegula buku. Muli mutu wonse wonena za kusuntha kwachete. Mlembi akuti nthawi zina kusuntha kwamphamvu koposa ndi kumene kumaoneka ngati sikukuchita kanthu. Mutu umenewu ndinauwerenga kambiri osaumvetsa. Lero ndaumvetsa ndi manja anga!

Ha!

Izi si zabwino. Dongosolo lapindika.

Koma ha!

Lachitatu

Ndadzuka ndi mutu wozizira. Cholakwika chikachitika, chimakonzedwa. Ndawatsekera bishopu, ndiwapatse kavalo. Chimodzi kuchotsera chimodzi, palibe wakwiya.

Ndaika kavalo wanga pamaso penipeni pa msilikali wawo, popanda womuteteza. Ndawomba m'manja. Ndapita kukamanga khola la mbuzi, limene mkamwini wina wa m'mudzi muno akanalimanga bwino kuposa ine, monga andiuzira anthu odutsa.

Chifuwa sichikumveka.

Sichikumvekabe.

Kenaka: "Lusiya! Nkhuku zagwetsera kavalo wa aticha pamalo a imfa. Ukawauze amubwezere pomwe anali. Pakhomo pano sitidya chofa chokha."

Zoona zake: nkhuku zonse zinali pansi pa mtengo wa mango, zitatsegula milomo ndi kutentha. Ndinaziona ndi maso anga. Palibe nkhuku inayandikira mtondo.

Ndiye kuti adziwa. Kugonja koonekera n'koletsedwa.

Ndabweza kavalo. Tsopano ndisunthe chiyani? Bishopu uja wangoima, akudikira. Ndikamusiya, nkhuku zinamiziridwanso. Ndamudya.

Vuto limene buku silinanene: bishopu wa apongozi ukamudya, umamuika pati? Pambali pa thabwa, ndi matama. M'thumba, ndi kuba. Ndamuika pansi n'kumufunditsa tsamba la mango, ngati maliro.

AZakeyu afika akupuma mwabefu, chipewa m'manja: "Akamwini! Mwadya bishopu? Wa mlongo wanga? Kodi ku shikola kwanuko mumaphunzitsa kuwonkhetsa kokha, kuchotsera ayi?"

Ndawafotokozera za kusuntha kwachete. Akuti akanakonda ndikanakhala chete osasuntha.

Zimene ndaona lero, popanda kuonjezera maganizo anga:

- Apongozi atulutsa magalasi awo m'bokosi. Lusiya akuti sanawavalepo pa chesi chimwalirire bambo ake.
- Sanapite ku msonkhano wa amayi a ku tchalitchi. Atumiza uthenga woti mwendo ukuwawa. Mwendo womwewo wawafikitsa kuseri kwa nkhokwe mothamanga.
- Akhala pa thabwa mpaka ndiwo zapserera.

Tanthauzo lake: akwiya kwambiri. Umboni wonse ukuloza kumeneko.

Dongosolo latsopano. Kugonja mopusa akana. Ndigonje mwadyera. Munthu amene wadya bishopu amadzimva, amafuna kudyanso, amagwera m'dzenje. Zimachitika kulikonse, ndipo palibe angazinamizire nkhuku. Ndapeza kale podzigwetsera: msilikali amene ali pakhomo pa mfumu yawo. Ndimudye ndi nsanja. Mfumu idya nsanjayo. Nsanja yathunthu kusinthana ndi kamsilikali! Sindingapulumuke.

Ndagona ndi mtendere wa munthu wodziwa chimene akuchita.

Lachinayi

M'mawa. Ndachita. Nsanja yanga yadya msilikali wa pakhomo pa mfumu. Ndawomba m'manja mwamatama pang'ono, kuti dyera limveke.

Atenga nthawi. Ndamva akuzungulira mtondo. Ndamva akuyamwa mano. Kenaka chifuwa chachifupi.

Adya! Mfumu yawo yadya nsanja yanga! Nkhuku sizinatchulidwe!

Zatheka! Ndataya nsanja, ndipo ndaitaya ngati munthu. Ndavina pang'ono kuseri kwa khola, mbuzi zokha zikuona. Ndauza Lusiya ayambe kuchapa makapulana ake, zitenje zake zonse, tikunyamuka.

Masana. Ndabwerera ku thabwa kuti ndisunthe kenakake kofooka.

Ndaima.

Mfumu yawo ili panja. Podya nsanja yatuluka m'nyumba, ndipo khomo latsala pululu. Mfumukazi yanga ikuiona kuchokera kutali. Kavalo wanga, yemwe uja ndinafuna kumupereka dzulo, ali pafupi.

Malo amenewa ndikuwadziwa. Ndi a pa Pasaka! Osati ndendende, koma mafupa ake ndi omwewo. Tsiku limenelo ndinali ndi nsanja pamalo otere, ndinachita mantha, n'kuibweza m'mbuyo. Ndi mwayi umene wandisowetsa mtendere miyezi yonseyi. Ndi chifukwa chake ndinagula buku. Kutaya nsanja mwadala kuti mfumu ituluke poyera! Ndimayesa ndi za anthu a m'mabuku. Ndazichita ine, pa mtondo, ku Chipera!

Ndilembe zoona zokhazokha: sindinawerengere.

Chabwino. Dzulo usiku ndinawerengera pang'ono. Koma ndinkangotsimikiza kuti n'zoipa.

Nkhani yabwino ndi yoti kugonja tsopano n'kosavuta. Ndili ndi nsanja imodzi, iwo ziwiri, kuwerengera pilya. Ndikangosiya kuthamangitsa mfumu yawo kamodzi kokha, ibwerera m'nyumba ndipo andimaliza. Kusuntha kumodzi kofatsa, basi.

Ndatambasula dzanja kuti ndisunthe mofatsa. Dzanja lagwira mfumukazi. Sheke.

Lamulo ndi lamulo: chimene wagwira, wasuntha. Sindinalipange ndine.

Ndauza Lusiya akadziwitse amayi kuti mfumu yawo yaopsezedwa. "Sheke? Kwa amayi anga? Inu muli bwinobwino?" Asanasunthe phazi, mawu achokera kukhitchini: "Lusiya, uwauze ndaona. Magalasi ndavala."

Chodabwitsa: lero mudzi wonse wasowa zinthu. Wina wabwera kudzabwereka sefa, wina nkhwangwa, wina moto, dzuwa lili pamutu. Ndipo njira ya aliyense ikudzera kuseri kwa nkhokwe. Akatekisita abwera osabwereka kanthu. Aima pa thabwa, avula chipewa, andinong'oneza: "Aporofesolo, pitirizani. Mutibwezerere tonse."

Ndawauza kuti ndikuyesetsa kugonja. Aseka mpaka akhala pansi.

Lachisanu

Tsiku logonja, malinga ndi dongosolo.

Mabingu cha kumpoto. Mphepo yonunkhira dothi lonyowa. Madontho angapo agwa pafumbi n'kuleka. Wa mota wadutsa, akuti ku Chiputo, panjira yathu, yagwa kale ndipo galimoto ina yatitimira mpaka m'zitseko. Akuti Lamulungu adzanditenga, koma za sabata yamawa sakulonjeza.

Ndaganiza. Pali njira yachitatu imene amalume sanaione: empate. Palibe wopambana, palibe wogonja, aliyense apita ndi ulemu wake. Ndi yankho la munthu wophunzira. Ndatuma Lusiya.

Yankho laperekedwa kwa mbuzi, poti Lusiya anali atachokapo kale: "Empate ndi ya mpira. Kumsasa tinkasewera mpaka wina agwe, chifukwa kunalibe kopita. Uwauze aticha asunthe."

Ndasuntha. Ndinapita ndi maganizo ofatsa, ndikulumbira. Zimene ndinaganizira:

- Kubweza mfumukazi kunyumba. Koonekera kwambiri. Nkhuku.
- Kukankha msilikali wa m'mphepete. Taona kale kumene zimathera.
- Kusuntha mfumu yanga pang'ono. Kotheka, koma konyansa. Ndayang'ana thabwa mmene lingaonekere, ndayang'ana kumbali.

Ndalumphitsa kavalo. Sheke.

Mfumu yawo yathawa. Sheke winanso. Yathawanso. Ikuyenda m'mphepete mwa thabwa ngati munthu wothamangitsidwa ndi njuchi, ndipo asilikali ake angoima akuonerera.

Ndipo taonani ichi! Masana panatseguka mpata wodya nsanja yawo, yeniyeni osati pilya. Ine wa pa Pasaka akanaidya mothamanga, mfumu n'kupulumuka. Buku limati ukapeza kusuntha kwabwino, khala kaye pamanja ako, funafuna kwabwino koposa. Ndakhaladi pamanja anga, pafumbi. Ndakupeza! Nsanja ndaisiya, ndatsekera mfumu njira yobwerera. Kuphunzira kulipo! Munthu amasintha!

Madzulo. Ndaperekeza Lusiya ku mjigo. Wapopa madzi. Chidebe chitadzaza ndipo akuti: "Bambo a Tereza, ndikufunseni. Mvula ikadula msewu, ku Fingoe kuja muzikacheza ndi kavalo? Akakudwalani, azikakuphikirani phala ndi kavaloyo?"

Mfundo yake ndi yomveka.

Pobwera Tereza wandithamangira, wandigwira mwendo, wati "ababa." Sanathawire kuseri kwa mtondo. Wagona pamiyendo panga, dzanja lake lili m'thumba la malaya anga. Ndakhala osasuntha mpaka mwendo wachita dzanzi.

Mawa ndigonja. Kusuntha kumodzi. Mfumu yanga ipite pambali, konyansa kuja, basi. Munthu wamkulu amatha kuchita chinthu chonyansa chifukwa cha mwana wake.

Umboni wina wa lero:

- Apongozi akuimba nyimbo za ku tchalitchi cha ku Zambia posinja, mokweza.
- Apha nkhuku, pakati pa sabata, popanda mlendo wina.
- Nthutumba yabwera m'mbale yanga.

Ndafunsa aZakeyu tanthauzo lake, poti mlongo wawo amamudziwa ndi iwo. Agwira pakamwa: "Mayo! Ndi mmene amachitira akafuna kumaliza munthu. Ine anandipatsa nthutumba tsiku lomwe anandilanda dimba."

Ndaidya. Inali yokoma.

Loweruka

M'mawa. Mitambo yatsika mpaka pamitengo. Akhosomola ndisanasambe m'maso.

Mfumu yawo yafika pakona. Mbali imodzi yatsekedwa ndi msilikali wake, mbali ina ndi pilya. Mfumukazi yanga yagwira njira yotsala. Kavalo wanga akalumpha kamodzi, zatha. Sheke-mate. Ndikasuntha china chilichonse, mfumukazi yawo itsikira kwanga ndipo wakufa ndine.

Zonse zili poyera ngati masamu a pa bolodi.

Anthu akhala chapatali, akuti akusenda mtedza wa mbewu. Palibe akuyang'ana mtedza. Apongozi lero sanachokepo. Akhala mbali ina ya nkhokwe. Pansi pa nkhokweyo ndikuona mapazi awo ndi m'mphepete mwa kapulana. Chala chachikulu chikugunda pansi.

Ndatambasula dzanja pamwamba pa mfumu yanga. Sindinaigwire. Ndaganiza za Tereza. Ndaganiza za msewu wa phala. Ndaganiza za nyumba ya ku Fingoe, mmene mumamveka wailesi yokha. Dzanja likutsika.

"Lusiya. Kodi aticha adwala dzanja? Ngati aona, aone. Ngati sakuona, ndiwabwereke magalasi."

Ndiye kuti nawonso auona.

Ndabweza dzanja. Ndaganiza mofatsa, monga mwa chizolowezi:

- Ndikagonja tsopano, adziwa kuti ndawanamiza pamaso pa mudzi wonse. Chitengwa chapita.
- Ndikapambana, ndawachititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Malinga ndi amalume, chitengwa chapita.
- Njira ziwiri zikafika pamalo amodzi, munthu wa masamu amasankha yolondola.

Kavalo.

Sheke-mate!

Mwayi umene ndinaudutsa pa Pasaka, lero ndaugwira pakhosi! Nsanja yoperekedwa, mfumu yotulutsidwa panja, kavalo womalizitsa! Mlembi wa buku lopanda chikuto, kulikonse kumene muli, wophunzira wanu wakhoza!

Koma mawuwo ayenera kunenedwa, apo ayi masewera sanathe. Lusiya wakana: "Zimenezo kaneneni nokha." AZakeyu akumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sizinamwe madzi. Akatekisita akuyang'ana kumwamba.

Ndagwada. Ndayang'ana pansi. Ndawomba m'manja mwaulemu wonse umene ndili nawo, n'kuuza nkhokwe: "Pepani, nkhokwe inu. Ndi sheke-mate."

Zii. Mtedza waleka kulira. Chala chija chaima.

Mapazi azungulira nkhokwe, afika pa mtondo. Ine maso pafumbi. Ndangoona dzanja likugwira mfumu yakuda n'kuigoneka pansi pang'onopang'ono. "Hm." Mapazi apita kunyumba. Chitseko chatsekedwa. Sanakhosomole.

Akatekisita andigwira chanza ndi manja awiri, maso ali ndi misozi. Mayi wa sefa uja waimba kanthungululu kakang'ono n'kudzitseka pakamwa. AZakeyu abwera mbuzi zitamwa: "Akamwini, anthu amapha ukwati ndi mowa, ena ndi akazi. Inu mwaupha ndi kavalo."

Masana. Lusiya akubwezera makapulana m'bokosi, imodziimodzi. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Ndafuna kumufotokozera za njira ziwiri zofika pamalo amodzi. Ndaona nkhope yake. Ndakhala pamanja anga.

Madzulo. Chitseko chikadali chotseka. Mwina ndataya banja mpaka mvula ithe, mwina kupitirira. Ndikudziwa zimenezo.

Koma nsanja ija. Aliyense amene anaiona avomereze. Nsanja ija!

Lamulungu

Tabwerako ku tchalitchi. Akatekisita alalikira za odzichepetsa amene amakwezedwa, akundiyang'ana ine. Ndinamira pa benchi.

AZakeyu andiitana pakhonde. Ndakhala pansi, chogwada. Apongozi ali m'nyumba, kuseri kwa chitseko chotsegula pang'ono, akulankhula ndi mchimwene wawo ngati ine kulibe.

"Achimwene, auzeni aticha. Lusiya apite."

Ndayesa sindinamve. AZakeyu nawonso, poti afunsa kuti apite kuti.

"Ku Fingoe. Chimwalirire bambo ake, anthu a pano amasewera nane ngati akupepesa maliro. Kundipatsa akavalo, kundipatsa mfumukazi, ngati ndine wodwala. Uyu yekha wandimenya ngati munthu. Mwamuna woti akulephera kunama ngakhale atafuna, mwana wanga akakhala naye bwino."

AZakeyu atembenukira kwa ine, osaphethira n'komwe: "Mwaona? Si ndinakuuzani ine?"

Lusiya wayamba kale kutulutsa makapulana m'bokosi. Podutsa wanditsina pamkono, mwamphamvu ndithu. Ndikuganiza kuti n'chikondi, koma umboni sunakwane.

Ndapambana masewera! Ndapambana chitengwa! Zonse ziwiri, sabata imodzi!

Kenaka chitseko chalankhulanso. Pali mfundo zina:

- Lachisanu lililonse aticha azibwera kuno kudzasewera.
- Lusiya ndi mwana asamabwere nawo. Mota ndi yoipa kwa mwana.
- Ulendo wamawa zoyera atenga ndi iwo. Mkamwini salinso mlendo.
- Buku lija litsale. Chipwitikizi sawerenga, koma zithunzi za thabwa akuti zilibe chilankhulo.

Ndiunike zotsatira mopanda kukondera. Kale Lachisanu ndinkakwera mota kuchoka ku Fingoe kupita ku Chipera kukaona mkazi wanga. Tsopano Lachisanu ndizisiya mkazi wanga ku Fingoe, n'kukwera mota yomweyo, msewu womwewo, mchenga womwewo, kukaona apongozi anga, amene sindiloledwa kuwaona.

Ndabwereza masewera onse m'mutu, monga buku limalangizira, kufunafuna pamene ndinaphonya. Ndapapeza. Lachiwiri m'mawa, kavalo uja ndinamupatsa moni n'kudutsa. Ndikanamulumphitsa, bwenzi nditapambana msanga, tisanafike pa nsanja yoperekedwa, ndipo mwina sakanandikonda chonchi. Phunziro ndalilemba. Buku ndapereka, kudzera kwa Lusiya.

Panatsala chiyembekezo chimodzi. Ndapempha aZakeyu akumbutse mlongo wawo, mwaulemu, kuti mvula ikadula msewu sindidzatha kubwera. Si kukana, ndi mmene dziko lilili.

Yankho linali lokonzeka kale: "Asadandaule. Msewu usanaduke ndibwera ndekha ku Fingoe ndi thabwa langa. Ndikakhala komweko mpaka madzi aphwe."

Mota yafika, ndi inzake ya katundu. Madontho ayamba. Tereza wamangidwa kumbuyo kwa amayi ake, akuwombera m'manja mabingu. Kuseri kwa chitseko wina wakhosomola.

Nyumba yanga ya ku Fingoe ili ndi zipinda ziwiri ndi khomo limodzi. Mkamwini sakumana ndi apongozi pakhomo.

Zenera ndaliyeza kale m'mutu. Ndikwana.